Mafunso ndi Mayankho: Kusamala ndi Kuchapa Kapeti Panyumba Muno mu Lusaka

Awa ndi mafunso amene anthu a muno mu Lusaka amafunsa mobwerezabwereza pa nkhani ya kapeti yoyala pabalaza kapena kuchipinda. Tikunena za kapeti yonyamulika, yoti mutha kuikulunga n'kutuluka nayo panja, osati yomata khoma mpaka khoma ya m'maofesi ndi m'mahotela. Ofunsa ambiri nkhawa yawo imakhala pa tiyi ndi msuzi wotayikira, koma makapeti ambiri m'tauni muno amatha ndi zinthu zina ziwiri: mchenga wobisala kunsi kwa ubweya, ndi kuchedwa kuuma akachapidwa.

Kodi kapeti imafunika kuchapa kangati pachaka?

Kuchapa ndi madzi, kamodzi pachaka n'kokwanira. Ngati panyumba pali mwana wokwawa, galu wolowa m'nyumba, kapena nyumbayo ili m'mbali mwa msewu wafumbi, chapani kawiri. Mukapitirira apo ndiye mukuifooketsa. Madzi amalowa kumsana kwake, guluu wogwira ulusi amayamba kunyenyeka, m'mphepete mumayamba kupindika.

Chachikulu ndi mwezi wake. Ambiri amaikumbukira kapeti mu Disembala, alendo a Khirisimasi atatsala pang'ono kufika, pamene mvula ikugwa pafupifupi masana aliwonse ndipo kapeti yonyowa ikhoza kutha masiku angapo isanaume. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala. Mphepo yafumbi ya Ogasiti imakhala itachita kale zake, dzuwa likuswa mtengo, ndipo kapeti yochapa m'mawa imafika madzulo itatsala pang'ono kuumiratu. Amene amachapa kawiri, ulendo winawo ukhale mu Meyi, mvula itatha, kuti muchotse matope a dzinja.

Ndimasesa tsiku ndi tsiku, nanga bwanji pamene timaponda pakuonekabe pakuda?

Tsache limachotsa zapamwamba zokha, monga nyenyeswa, tsitsi ndi timaulusi. Fumbi la kuno silofewa lokhalokha, muli timchenga takuthwa timene timatsikira kunsi kwa ubweya, kumene tsache silifika. Munthu akaponda, timchengato timakwecha ulusi ngati sandipepa. Ulusi wokalika suwalanso, n'chifukwa chake kanjira kochokera pakhomo kupita pa sofa kamaoneka kakuda ngakhale kapeti yangochapidwa kumene. Limeneli si litsiro ayi, ndi kutha, ndipo palibe sopo amene angabweze.

Kuti mudziwe kuchuluka kwa mchenga m'kapeti yanu, yalani nyuzipepala pansi, pindirani ngodya imodzi pamwamba pake, n'kumenya kumsana ndi chikhatho kangapo. Zimene zigwerepo zikuuzani ngati tsache lanu lakhala likukwanitsa.

Kupewa kwake n'kosavuta. Nsapato zizitsala pakhomo, ndipo pakhomopo pakhale chopukutira mapazi, ngakhale thumba lachabe lopinda pawiri. Pakatha miyezi 6 iliyonse tembenuzani kapeti kuti mbali imene inali kukhomo ipite kukhoma, iphweke mofanana.

Ndilibe huva, ndipo ngakhale ndikanakhala nayo magetsi savuta kuthima. Ndingatani?

Kunthani. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, nyumba zambiri zinkaona magetsi maola ochepa patsiku, ndipo ngakhale a kumayadi anabwerera ku ndodo. Sanataye kanthu, chifukwa kukuntha bwino kumatulutsa mchenga wambiri.

Kolekani kapeti pa mtanda wolimba kapena pa khoma lalifupi, kumsana kukhale kunja. Waya woyanikira zovala ayi: akhoza kuduka, ndiponso amasiya mzere pakati pa kapeti. Menyani kumsanako ndi mpini wa tsache kapena thabwa lopyapyala, kuyambira pamwamba kutsika, mpaka fumbi litasiya kufuka. Mangani chitenje kumphuno. Ngati mumakhala pa yadi ya mabanja angapo, yang'anani kaye ngati anzanu sanayanike zovala zoyera, poti milandu ina ya pa yadi imayambira pomwepo. Kamodzi pamwezi n'kokwanira, koma kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba muzikuntha pakatha milungu iwiri iliyonse.

Kapeti yaikulu yosanyamulika ndi munthu mmodzi, igadabuzeni pabalaza pomwepo, ubweya uyang'ane pansi, muziyendapo tsiku lonse. Madzulo ikulungeni n'kusesa zimene zagwa.

Posesa tsatirani kumene ubweya wagonera, ndipo musawaze madzi. Pabwalo timawaza kuti fumbi lisabuke, koma pa kapeti madziwo amasandutsa fumbi kukhala matope omatirira ku ulusi. Amene muli ndi huva, iyendetseni pang'onopang'ono kawiri pamlungu, kumsana kamodzi pamwezi, ndipo isafike ku mphonje chifukwa imazimeza n'kuzithothola.

Ndingadziwe bwanji kuti kapeti yanga ndi ya ulusi wanji?

Funso ili liyenera kuyankhidwa musanatunge madzi, chifukwa mayankho ena onse akudalira pamenepa. Yambani ndi kachikalata komata kumsana. Makapeti ambiri ogulitsidwa ku Kamwala ndi m'mashopu a m'mamolo ndi oluka pa makina, a ulusi wa pulasitiki wotchedwa polypropylene kapena polyester, ndipo ochuluka amachokera ku China ndi ku Turkey, makamaka mumzinda wa Gaziantep umene uli ndi mafakitale ambiri a makapeti.

Ngati kachikalata kanachoka, yang'anani kumsana. Ya pa makina imakhala youma gwa, mizere yake yofanana ndendende, nthawi zambiri yopakidwa guluu, ndipo mphonje zake zimachita kusokereredwa. Yoluka pamanja, monga ya ku Iran, Pakistan kapena Afghanistan, imapindika mofewa, maluwa ake amaoneka bwino kumsana ngati kumaso, mfundo zake sizifanana kwenikweni, ndipo mphonje ndi ulusi womwewo umene wagwira kapeti yonse.

Mukakayikabe, dulani kaulusi kamodzi pangodya yobisika, kagwireni ndi chopanira n'kukayatsa ndi machesi panja. Ubweya wa nkhosa umanunkha tsitsi lopserera, umazima wokha, ndipo phulusa lake limafumbutuka m'zala. Pulasitiki amasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Thonje, juti (ulusi wopangira masaka) ndi khonje zimayaka msanga, fungo lake la pepala.

Tsono kulimba kwake kuli motere. Polypropylene samwa madzi, sasuluka msanga, amapirira kuchapa, koma amakoka mafuta ndipo amasungunuka pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 160. Ubweya wa nkhosa umakhalitsa zaka zambiri koma sufuna madzi otentha, sopo waukali kapena kukwecha. Thonje limachapika koma limafupika. Juti ndi khonje zikanyowa zimasiya mabanga akhofi amene sachokanso, choncho zimenezi n'zokuntha ndi kusesa basi. Palinso makapeti onyezimira, ofewa, amene ogulitsa ena amati ndi a silika pomwe ndi a viscose. Ulusi umenewu ukanyowa umafooka n'kuchita chikasu. Musauyandikize madzi.

Sopo wabwino ndi uti? Boom kapena Jik angagwire?

Wabwino koposa ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, pang'ono chabe: masupuni aakulu awiri mu ndowa ya malita 10. Amachotsa mafuta ndipo savuta kutsukuluza.

Boom ndi sopo wina waufa anapangidwira zovala zimene mumatsukuluza n'kufinya kangapo. Kapeti simungaifinye choncho, ndiye sopoyo amatsalira m'kati. Pa polypropylene mukhoza kumugwiritsa ntchito ngati mwamusungunula bwino m'madzi, osati kumuwaza wouma pa kapeti. Pa ubweya wa nkhosa ayi. Sopo wochapira zovala ndi waukali, ndipo wambiri amakhala ndi mankhwala ogaya zotsalira za mazira, magazi ndi mkaka. Ubweya nawo ndi wa mtundu womwewo, chimodzimodzi tsitsi la munthu, choncho umagayidwa limodzi. Ngati palibe sopo wolembedwa kuti ndi wa ubweya, shampu wofatsa wa m'mutu amagwira.

Jik amadya ubweya wa nkhosa mpaka kuboola, ndipo amayeretsa mtundu wa thonje ndi nayiloni. Ulusi wa polypropylene umamupirira akasungunulidwa kwambiri, koma kumsana kwa kapetiyo nthawi zambiri kumakhala juti kapena thonje, zimene zimafooka naye. Msungireni ntchito imodzi yokha, ya madzi osefukira, imene tafotokoza kumunsiku. Ndipo musamusakanize ndi viniga kapena kumuthira pamene pali mkodzo: mpweya umene umatuluka ndi wapoizoni, umapweteka maso ndi mapapo.

Sopo aliyense muyeseni kaye. Nyowetsani kansalu koyera, kakanikizeni kwa mphindi imodzi pamalo ofiira kapena abuluu pangodya. Kakatenga mtundu, kapeti imeneyo si yochapa panyumba.

Ndiichape bwanji panyumba?

Izi ndi za makapeti a pulasitiki ndi a thonje. Onetsetsani kaye kuti madzi alipo okwanira, chifukwa kutsukuluza kumadya madzi ambiri kuposa kuchapa kwenikweniko. Kumene mpopi umatulutsa m'bandakucha wokha, dzazani migolo dzulo lake. Yambani m'mawa kuti dzuwa lonse likhale lanu.

Kunthani kapeti ili youma mpaka fumbi lithe. Amene amalumpha apa amachapa matope. Iyaleni pa simenti yotsuka, yotsetsereka pang'ono, inyowetseni ndi madzi ozizira. Thirani madzi a sopo aja pang'onopang'ono, mukukhula ndi burashi yofewa motsatira ubweya, osati mozungulira. Isiyeni mphindi 10, kenako tsukuluzani, kumaso ndi kumsana komwe. Kankhani madzi ndi chokokera madzi cha labala kapena m'mphepete mwa thabwa losalala, kuchokera pakati kupita kunja. Bwerezani kuthira ndi kukankha mpaka madzi otuluka asakhalenso ndi thovu, ndipo mukaganiza kuti zakwana, onjezerani kamodzi.

Ikulungeni molimba n'kuiimika chotsamira khoma kwa theka la ola kuti madzi atsike. Muitane wokuthandizani: kapeti ya mamita 2 m'lifupi ndi 3 m'litali ikanyowa si yonyamula nokha. Zotsatira zili pa funso la kuyanika.

Ya ubweya wa nkhosa musainyike. Pukutani ndi siponji yonyowa ndi thovu lochepa, chigawo chimodzi panthawi, kenako nsalu ya madzi oyera, kenako thaulo louma.

Nditachapa, kapeti yauma gwa, yachita mbuu, ndipo ikuda msanga kuposa kale. Chalakwika n'chiyani?

Pali zinthu ziwiri, ndipo kawirikawiri zimabwera limodzi. Choyamba ndi sopo wotsalira. Sopo akauma pa ulusi amakhala wonanda, ndipo fumbi lililonse lobwera ndi mapazi limamatirirapo.

Chachiwiri ndi madzi athu. Lusaka inamangidwa pa miyala ya laimu, ndipo madzi a pansi pano amakhala ndi laimu wambiri. Ndi uja amachita chikhokho choyera m'ketulo. Kampani ya Lusaka Water Supply and Sanitation imapopa madzi ena ku mtsinje wa Kafue, ena m'zitsime zakuya za mumzinda momwemu, ndiye madzi amasiyana malinga ndi dera, koma amene muli ndi mjigo wanuwanu vutoli mumalidziwa bwino. Laimu akakumana ndi sopo, makamaka wamtanda, amapanga zoyera zosasungunuka zimene zimakanirira pa ulusi.

Mankhwala ake ndi viniga woyera. Thirani kapu imodzi mu ndowa ya malita 10, mutsukuluzire komaliza. Viniga amasungunula laimu ndi kuthetsa ukali wa sopo, ndipo fungo lake limatha kapeti ikauma. Kapeti imene yauma kale gwa musaionjezere sopo. Itsukuluzeni ndi madzi okha, mudzadabwa thovu limene lidzatuluke, kenako malizani ndi viniga.

Ndiyanike padzuwa kapena pamthunzi?

Chofunika ndi mphepo kudutsa mbali zonse ziwiri. Kolekani kapeti pa mitanda iwiri yotalikirana pang'ono, kapena igonekeni pamwamba pa mipando ya pulasitiki kapena makireti kuti pansi pakhale mpata. Kumsana kuyang'ane dzuwa, poti ndi kumene kumasunga madzi, komanso dzuwa la Okutobala limasulutsa mitundu yofiira ndi yabuluu. Pakatha maola awiri kapena atatu tembenuzani. Ya ubweya wa nkhosa iumire pakhonde, pamthunzi wodutsa mphepo.

Musaiyale pa udzu kapena pa dothi. Chinyezi chimakwera kuchokera pansi, ndiponso ntchentche zija zoyambitsa mphutsi za pakhungu zimaikira mazira pa nsalu zonyowa. Zovala timazisita kuti mazirawo afe, koma kapeti simungaisite, ndipo mwana adzakhalapo ali chibadwire. Dzuwa likalowa ilowetseni, kuopa mame ndi anthu a manja ataliatali, n'kuitulutsanso m'mawa.

Pamwamba pamanyenga. Lowetsani zala mpaka kunsi kwa ubweya, gwiraninso kumsana ndi m'mphepete mosokedwa. Pakamveka kuzizira, sinaume. Chuku chimayamba pakangotha tsiku limodzi kapena awiri chinthu chili chonyowa, ndipo kapeti yoyalidwa pa simenti isanaumitsitse ndi imene imadzetsa fungo lija lokulandirani pakhomo. Ngati fungolo layamba kale, itulutseni padzuwa tsiku lonse, iwazeni soda wophikira usiku, m'mawa ikunthe. Likakana, chapaninso ndi madzi a viniga, koma ulendo uno muiumitse zenizeni.

Chinthu chikangotayikira, choyamba n'chiyani?

Kanikizani, musakhule. Zolimba zichotseni ndi supuni, kuchokera m'mphepete kulowa pakati. Zamadzi zimwetseni ku thaulo loyera, mukuliponda ndi phazi ndi kusintha mbali mpaka lisanyowenso. Kukhula kumakankhira banga kunsi, kumalikulitsa, ndipo kumasiya ubweya utanyankhalala. Mukatero ndi pamene muthire madzi pang'ono a sopo wa mbale, supuni yaing'ono imodzi pa lita, n'kukanikizanso. Pansi pa kapeti ikanipo thaulo lina kuti madzi asafalikire.

Tiyi, khofi ndi zakumwa zamitundu zimamvera viniga wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana. Msuzi wa nyama, wa nkhuku kapena mafuta a kapenta, wazanipo soda kapena ufa woyera wambiri, dikirani theka la ola kuti umwe mafuta, sesani, kenako sopo wa mbale. Pa polypropylene mafuta amakanirira kuposa china chilichonse, ndiye musadikire mawa. Magazi, mazira ndi mkaka zimafuna madzi ozizira okha, chifukwa otentha amaziphikira pa ulusi. Maheu, chibwantu ndi munkoyo banga lake silivuta, koma shuga ndi ufa zikatsalira kunsi zimasasa n'kuitana nyerere, choncho tsukuluzani kawiri. Nsima ndi phala zisiyeni ziume, mufikise ndi zala, musese. Chingamu chiumitseni ndi ayisi wa m'kathumba, chithyoke chokha.

Nanga matope ofiira a dzinja?

Asiyeni aume. Katondo wonyowa mukamupukuta amalowerera ndipo amadaya ulusi. Akauma mufumbuleni ndi msana wa supuni, kunthani kapena popani ndi huva, ndipo chotsalacho chichotseni monga tanenera pa funso la zotayikira.

Mwana kapena mphaka wakodzera pa kapeti. Fungo lichoka bwanji?

Mkodzo watsopano suvuta. Umwetseni ku thaulo mpaka liume, thirani viniga wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana kuti afike kunsi kumene mkodzo wafika, kanikizaninso, kenako wazani soda wambiri n'kumusiya usiku wonse. Pukutaninso pansi pa simenti kapena matailosi, poti fungo lina limakhala pamenepo.

Wokhalitsa ndi wovuta. Ukauma umasiya timchere timene timakoka chinyezi, n'chifukwa chake fungo limene munaliiwala mu Julayi limabwerera mvula ikayamba. Umathanso kusintha mtundu wa ubweya wa nkhosa mpaka kalekale. Apa pamafunika kuchapa kapeti yonse, kapena kugula mankhwala ochotsa fungo la mkodzo wa ziweto amene amapezeka m'mashopu ena a zinthu za ziweto. Mphaka amabwerera pamene pakununkha mkodzo wake, ndiye mutsekereni kunja mpaka fungo litatheratu. Za Jik pa mkodzo, onani chenjezo pa funso la sopo.

Kandulo yadonthera, kapena khala la pa mbaula lagwera. Pali chochita?

Phula la kandulo lidikireni liume, lithyoleni, mulipale ndi mpeni wosathwa. Lotsalalo ikanipo pepala lakhaki lopanda zolemba, n'kudutsitsapo nsimbi yofunda pang'ono kwa kamphindi, mukusuntha pepala kuti phula lizilowa pamalo atsopano. Nsimbi ya makala ayi, chifukwa kutentha kwake simungakuchepetse, ndipo pa kapeti ya pulasitiki idzasiya chidindo chonyezimira chimene sichidzachoka.

Khala likagwera pa ubweya wa nkhosa limangowaula pamwamba, ndipo mukhoza kumeta nsonga zopsererazo ndi kasizasi kakang'ono. Pa pulasitiki limasungunula dzenje lolimba. Dulani cholimbacho, metani ubweya pang'ono pamalo obisika ndi sofa, n'kuumata m'dzenjemo ndi kadontho ka guluu woonekera. Sipabwerera mwakale, koma mlendo sangaone. Mbaula yokhayo isamakhale pa kapeti kapena m'chipinda chotseka, ngakhale Juni azizire bwanji. Utsi wa makala umapha anthu ali m'tulo.

Pansi timapaka Cobra wofiira. Kodi ndipake ndi pamene pamakhala kapeti?

Ayi. Polishi ndi phula losakaniza ndi utoto. Pansi pa kapeti sauma bwino, amafiiritsa kumsana, ndipo kukatentha amatha kukwera mpaka kumaso kwa kapeti yopyapyala. Pakani kuzungulira, ndipo popaka pindani m'mphepete mwa kapeti mpaka mutamaliza kukwecha. Polishi akafika pa ubweya, palani wochuluka ndi supuni n'kukanikiza ndi kansalu ka spiriti pang'ono, mutayesa kaye pangodya.

Pa simenti yopolisha ndi pa matailosi kapeti imaterereka, zimene n'zoopsa kwa agogo ndi ana othamanga. Yalani kunsi kansalu ka labala ka maukonde koletsa kuterereka, kocheperako pang'ono kuyerekeza ndi kapetiyo. Pepala la pulasitiki musayale, limasunga chinyezi chotuluka m'simenti.

Kodi kupititsa kapeti kotsukira magalimoto n'kwabwino?

Kwa kapeti ya pulasitiki ya ubweya waufupi, inde, ndipo kumakupulumutsani madzi ndi msana. Koma funsani zinthu zitatu musanaisiye: sopo amene athire, ngati aitsukuluze kumsana komwe, ndi pamene aiyanike. Makina awo opopera madzi mwamphamvu akayandikizidwa kwambiri amasula ulusi ndi kukanganula guluu. Polandira, inunkhizeni ndi kuigwira kunsi. Musalole kuti akupatseni itakulungidwa ili yachinyezi, poti pofika kunyumba idzakhala itayamba kale fungo.

Yoluka pamanja, ya ubweya wa nkhosa, ya viscose kapena ya juti isapite kumeneko. Imeneyo ndi ya akatswiri ochapa makapeti, ndipo katswiri weniweni amayamba wafunsa za ulusi ndi kuyesa mtundu asanatchule mtengo.

Ndagula kapeti ya salaula. Ndiyambe ndi chiyani? Nanga tizilombo?

Isalowe m'nyumba tsiku lomwelo. Itambasuleni panja, yang'anani m'mphepete mosokedwa ndi pansi pa kachikalata. Timadontho takuda tounjikana ndi chizindikiro cha nsikidzi. Malo ometeka opanda ubweya, okhala ndi timaukonde kapena timchenga tofanana mtundu ndi kapetiyo, ndi ntchito ya njenjete. Ikunthe, ichapeni malinga ndi ulusi wake, iume masiku awiri.

Njenjete zimadya ubweya wa nkhosa, sizidya pulasitiki, ndipo chodya si kagulugufe kouluka koma mphutsi zake. Zimakonda mdima ndi bata, ndiye mbali ya kapeti imene ili pansi pa sofa kapena kabati ndi imene imayamba kudyedwa. Sunthani mipando kamodzi pamwezi musese pamenepo. Kapeti yaing'ono yogwidwa kale ikhoza kumangidwa m'thumba la pulasitiki n'kuikidwa mufiriza kwa mlungu wathunthu, ngati magetsi akhazikika.

Utitiri umabwera ndi galu kapena mphaka, ndipo mazira ake amagwera m'kapeti. Kuchapa kapeti chiweto osachipatsa mankhwala n'kutaya sopo. Chitani zonse ziwiri, ndipo pitirizani kukuntha kapena kupopa kawirikawiri kwa milungu ingapo chifukwa mazira amaswa mosiyana nthawi. Mankhwala opopera m'dimba kapena a ku dibi asafike pa kapeti imene ana amakhalapo.

Madzi osefukira analowa m'nyumba n'kumiza kapeti. Ndiisunge?

Zitengera madziwo. A paipi yophulika kapena denga lodontha ndi oyera: itulutseni tsiku lomwelo, kankhani madzi, iumitseni monga tafotokozera pa funso la kuyanika. Ngati kunja kukugwa mvula, ikwezeni pa mipando m'chipinda chotsegula mawindo, fani ikupemerera.

Madzi olowa kuchokera panja ndi nkhani ina. Ku Kanyama, ku Misisi, ku Chawama ndi m'makomboni ena a kumunsi, thanthwe lili pafupi, madzi salowa pansi msanga, ndipo akasefukira amasakanikirana ndi za m'zimbudzi zokumba. Ndi madera ngati amenewa amene kolera inavuta kwambiri mu 2017 ndi 2018, komanso kuyambira kumapeto kwa 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa malo othandizira odwala. Kapeti ya ubweya wa nkhosa, ya juti, kapena yokhuthala ya ubweya wautali imene yamwa madzi otere itayeni, ngakhale mtima uwawe. Simungaphe tizilombo m'kati mwake popanda kuiwononga. Yopyapyala ya polypropylene ikhoza kupulumuka: valani magolovesi ndi majombo, itsukeni ndi sopo, tsukuluzani, ithireni madzi a Jik pa muyezo umene walembedwa pabotolo, dikirani theka la ola, tsukuluzaninso kwambiri, n'kuiumitsa padzuwa. Ulendo uno viniga asakhalepo. Pansi pa nyumba pakoloperedwenso ndi Jik musanaiyale.

Amene mumakhala kumene madzi amalowa chaka ndi chaka, kulungani kapeti mu Disembala muikweze pamwamba, muyale mphasa mpaka Epulo.

M'nyumba muli wodwala mphumu. Kapeti tiichotse?

Kuchipinda kwake, inde. M'kapeti mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya mfundu za khungu, ndipo zitosi zake ndi zimene zimautsa chifuwa ndi chimfine mwa anthu ambiri. Pabalaza ikhoza kukhala ngati ili ya ubweya waufupi ndipo imakunthidwa kawirikawiri, iye ali kutali. Ya ubweya wautali ija yomira mapazi ndi yokongola m'shopu, koma ndi nkhokwe ya fumbi. Timakapeti tating'ono ta thonje tochapika m'madzi otentha madigiri 60 ndi timene tingamuyenere m'mbali mwa bedi.

Miyendo ya tebulo yasiya maenje, ngodya zapindika, ndipo kapeti yatsopano ikuthothoka. Zimenezi zimakonzeka?

Pa dzenje ikanipo kachidutswa ka ayisi kasungunuke kokha, pukutani, n'kudzutsa ubweya ndi foloko. Ngodya yopindika ipindireni mbali inayo, ikanipo mabuku olemera masiku angapo. Kapeti yatsopano ya ubweya wa nkhosa imathothoka miyezi yoyamba, si vuto. Ulusi umodzi ukatalika kuposa unzake, uduleni ndi sizasi, musaukoke, chifukwa pa makapeti ena umasula mzere wonse. M'mphepete mukayamba kumasuka, sokani msanga ndi singano yaikulu ndi ulusi wolimba, kapena pitani nayo kwa okonza masofa.

Ndikusamuka, ndipo kapeti ikhala miyezi ingapo yosayala. Ndiisunge motani?

Isungeni yoyera ndi youmiratu, chifukwa njenjete ndi mphemvu zimatsata zotayikira zakale. Ikulungeni, musaipinde, poti kupinda kumathyola guluu wa kumsana n'kusiya mizere. Ya pa makina yolimba kumsana ikulungeni ubweya uli kunja kuti msanawo usang'aluke. Ikuteni ndi chitenje chakale kapena shiti ya thonje, osati pulasitiki, mumange ndi timizere ta nsalu m'malo atatu.

Igonekeni pamwamba, monga pa wadirobu kapena pa matabwa, isakhudze simenti kapena khoma lakunja. Chiswe chimakonda msana wa juti ndi wa thonje, ndipo chimatha kuudya mwakachetechete kumaso kukuoneka bwinobwino. Musaiimike chilili kwa nthawi yaitali, imapindika pakati, ndipo musasanjikepo katundu wolemera. Pakatha miyezi itatu iliyonse itambasuleni panja kwa maola angapo, muyang'ane m'mphepete, muikulungenso.